Zipere za m'mutu zimene zikungobwerera: cholakwika nchiyani, nanga muchite chiyani?

Funso: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 wakhala ndi zipere m'mutu kwa miyezi 8 tsopano. Ndamupaka clotrimazole machubu atatu, ndamusambitsa ndi shampu ya mankhwala, ndipo nthawi ina anamwa griseofulvin wa 125 mg, piritsi limodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Zimazilala, koma pakapita mwezi zimayambiranso, ndipo tsopano tsitsi lasosoka malo atatu. Amalemera makilogalamu 22. Mlongo wake wamng'ono nayenso wayamba kukanda m'mutu. Kodi zimenezi zimatha?

Yankho: Zimatha, mayi, ndipo kwa ana ambiri tsitsi limameranso lonse. Pa zimene mwafotokozazi, mwanayu sanalandirepo chithandizo chokwanira ngakhale kamodzi. Mankhwala opaka safika pamene pali matendawo, mapiritsi anali ochepa poyerekeza ndi sikelo yake, anamwa kwa nthawi yaifupi, ndipo m'nyumbamo mukuoneka kuti muli komwe akutengeranso. Zinayizi zikakonzedwa nthawi imodzi, zipere zimagonja.

Choyamba mumvetse komwe fangasi (kachilombo kosaoneka ndi maso ka m'gulu la bowa) woyambitsa zipereyu amakhala. Chipere cha pamkono kapena pamimba chimakhala pamwamba pa khungu, nchifukwa chake mankhwala opaka amachipha. M'mutu nkhani ndi ina. Fangasiyu amatsikira m'kadzenje komwe tsitsi limamerera, n'kulowa m'tsitsi lenilenilo pansi pa khungu, n'kumadya keratini, chinthu chimene chimalimbitsa tsitsi. Tsitsi lodyedwalo limafooka n'kuduka pakhungu penipeni, ndipo mukayang'anitsitsa pamalo ososokapo mungaone timadontho takuda, timene ndi tizitsa ta tsitsi loduka. Clotrimazole amachotsa mfundu ndi kuyabwa kwa pamwamba, mutu n'kuoneka bwino, pamene pansi matenda ali chikhalire. Mukasiya kupaka, tsitsi lodwala limatuluka nawonso. Choncho zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa, amene amafika ku mizu ya tsitsi kudzera m'magazi.

Musanayambe mapiritsi ena, mwanayu aonedwe ndi dokotala, ndipo ngati chipatalacho chili ndi labotale, pemphani kuti amuyeze. Amapala mfundu pang'ono m'mphepete mwa chipere, amazula tizitsa tingapo ta tsitsi loduka, n'kuziika m'madzi a potassium hydroxide kuti aziwone pa maikulosikopu. Yankho la zimenezi limatha kutuluka tsiku lomwelo. Kuyeza kwina nkodzala zopalidwazo m'kambale kuti fangasi amere, ndipo kumatenga masabata awiri mpaka anayi, koma ndi kumene kumatchula mtundu wake. Kwa masiku angapo musanapite, musamupake chilichonse m'mutu kapena kumusambitsa ndi shampu ya mankhwala, chifukwa zimenezi zimatha kubisa fangasi amene alipo. Kwa mwana amene ali ndi mfundu, tsitsi loduka ndi anabere kumbuyo kwa khosi, dokotala sayenera kudikira zotsatira za kambale. Angayambitse mankhwala tsiku lomwelo.

Kudziwa mtundu kuli ndi phindu lenileni. Mafangasi a zipere za m'mutu ali m'magulu awiri aakulu. Gulu la Trichophyton, monga T. tonsurans, T. violaceum ndi T. soudanense, limachoka kwa munthu kupita kwa munthu. M'gulu la Microsporum muli M. canis, amene amachokera kwa amphaka ndi agalu, komanso M. audouinii, amene amapatsirana pakati pa ana. Mankhwala a terbinafine amagwira bwino ndiponso msanga pa Trichophyton, koma pa Microsporum amafooka, ndipo kumeneko griseofulvin ndiye woyenera. Zipatala zina zili ndi nyali yapadera yotchedwa Wood's lamp, imene imawalitsa tsitsi lodwala Microsporum mobiriwira m'chipinda chamdima. T. tonsurans sawala, ndiye kusawala sikutanthauza kuti zipere palibe.

Tsopano za muyezo, pamene ndikuona kuti padalakwika kwambiri. Griseofulvin wamba, wolembedwa microsize, amaperekedwa kwa ana pa 20 mg mpaka 25 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku lililonse. Mwana wa makilogalamu 22 amafunika pakati pa 440 mg ndi 550 mg pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi 500 mg. Wanuyu ankamwa 125 mg, gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene thupi lake limafuna. Muyezo wochepa chonchi umangofooketsa fangasi osamuthetsa. Pali mtundu wina wa griseofulvin wolembedwa ultramicrosize, umene umalowa m'thupi mosavuta ndipo muyezo wake ndi wocheperapo, 10 mg mpaka 15 mg pa kilogalamu. Werengani pa bokosi, ndipo muyezo womaliza aukhazikitse dokotala atamukweza mwanayo pa sikelo tsiku limenelo.

Nthawi yomwera ndi masabata 6 mpaka 8, ndipo pa Microsporum wouma khosi imafika masabata 12. Chifukwa chake nchoti griseofulvin sapha fangasi mwachindunji. Amamuletsa kuswana, ndipo amalowa m'keratini watsopano amene akupangidwa pa muzu, kotero kuti tsitsi lomera kumene limatuluka lotetezedwa, n'kumakankhira kunja gawo lodwala. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi. Pa masabata awiri limakhala litangokula theka la sentimita, ndipo tsitsi lina lodwala limakhala lisanatuluke n'komwe. Mutu ukayera pa sabata yachitatu, musasiye. Apa mpamene makolo ambiri amasiyira, ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene zipere zimabwererera.

Chinthu china chimene nthawi zambiri sichinenedwa pa windo lolandirira mankhwala: griseofulvin salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Amafuna mafuta. Mupatseni akudya kapena atangodya chakudya chokhala ndi mafuta, ngakhale kapu ya mkaka wosachotsa mafuta kapena dzira lokazinga. Mwana akamwa piritsi ndi madzi okha mamawa asanadye, gawo lalikulu limangodutsa. Ngati akulephera kumeza, piritsi liphwanyeni n'kulisakaniza ndi supuni imodzi kapena ziwiri za chakudyacho kuti amalize chonse. Mukaiwala, mupatseni mukakumbukira tsiku lomwelo, koma musamupatse awiri mawa lake. Kuchonga pa kalendala tsiku lililonse kumathandiza, chifukwa masiku 56 ndi ambiri kuwasunga m'mutu.

Ngati labotale yapeza Trichophyton, kapena ngati griseofulvin wa muyezo woyenera walephera, terbinafine ndiye wotsatira, ndipo madokotala ambiri amayambira pa iyeyu chifukwa nthawi yake ndi yaifupi. Muyezo wake umatsata sikelo: 62.5 mg pa tsiku kwa mwana wa makilogalamu 10 mpaka 20, 125 mg kwa wa makilogalamu 20 mpaka 40, ndi 250 mg kwa woposa 40, kawirikawiri kwa masabata anayi. Mwana wanu angamwe 125 mg, lomwe ndi theka la piritsi la 250 mg. Terbinafine safuna chakudya chamafuta. Palinso itraconazole, pafupifupi 5 mg pa kilogalamu pa tsiku, ndi fluconazole, amene amagwiritsidwa ntchito griseofulvin ndi terbinafine akakanika kapena akasowa. Mapiritsi a ketoconazole asamwe. Mu 2013 mabungwe oyang'anira mankhwala ku Ulaya ndi ku America anachenjeza kuti amawononga chiwindi, ndipo pa matenda a pakhungu ngati awa phindu lake silifanana ndi ngozi yake. Shampu ya ketoconazole ilibe vuto limeneli.

Ana ambiri amamwa mankhwalawa popanda chovuta chachikulu. Griseofulvin amatha kupweteketsa mutu, kuchititsa mseru kapena kutsekula m'mimba pang'ono, makamaka masiku oyamba, ndipo khungu limapsa msanga padzuwa. Terbinafine amatha kusokoneza kakomedwe ka chakudya m'kamwa kwa kanthawi. Zofunika kusiya mankhwala ndi kuthamangira ku chipatala ndi izi: maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, kusanza kosalekeza, kufooka kwambiri, kutupa milomo kapena nkhope, kubanika, matuza pakhungu ndi zilonda m'kamwa. Mwana wathanzi amene akumwa kwa nthawi yoikikayo nthawi zambiri safunika kuyezedwa magazi, koma amene anadwalapo chiwindi, kapena amene akupitirira masabata 8, ayezedwe. Muuzeni dokotala mankhwala ena onse amene mwanayo akumwa. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya terbinafine ndi itraconazole, ndipo ma ARV ena amasokonezana ndi itraconazole.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaopsa makolo n'kuwasiyitsa mankhwala pachabe. Patangopita masiku ochepa chiyambireni kumwa, ana ena amatuluka timatotupa toyabwa kuzungulira makutu, pankhope, pakhosi ndi pachifuwa. Nthawi zambiri limakhala thupi likulimbana ndi zotsalira za fangasi amene akufa, ndipo mankhwala sayenera kusiyidwa. Koma musaweruze nokha. Kamuonetseni kwa dokotala tsiku lomwelo kapena lotsatira kuti asiyanitse ndi zidzolo za thupi lodana ndi mankhwala.

Shampu ija musaitaye, ili ndi ntchito yake. Siichiza, koma imapha timbewu ta fangasi timene tili pamwamba, kuti mwana asapatsire ena. Gwiritsani ntchito ya ketoconazole 2% kapena ya selenium sulfide 1% kapena 2.5%, kawiri pa sabata, nthawi yonse imene akumwa mapiritsi. Nyowetsani mutu, pakani thovu mpaka lifike pakhungu, lisiyeni mphindi 5 mpaka 10, kenako tsukani bwino. Mphindi zimenezi muziwerenge pa wotchi. Shampu yotsukidwa nthawi yomweyo imakhala isanagwire kanthu. Samalani isalowe m'maso, ndipo selenium sulfide musaiike pa zilonda zotseguka chifukwa imawawa. Tsitsi likauma kwambiri, pakani pang'ono mankhwala ofewetsa tsitsi mukatsuka.

Tibwere kwa mlongo wake. Ameneyu apite nanu limodzi ku chipatala, aonedwe, ndipo ngati ali ndi zipere alandire mapiritsi akeake motsata sikelo yake ndi msinkhu wake. Musagawe mapiritsi a mmodzi kuti akwane awiri, chifukwa onse adzamwa osakwanira. Ana awiri akachizidwa pa nthawi zosiyana, amangobwezerana matendawo. Akuluakulunso m'nyumbamo adziyang'ane. Munthu atha kukhala ndi timbewu ta fangasi m'mutu osamva kuyabwa kulikonse, kapena kungokhala ndi mfundu pang'ono, koma akupatsira ana. Nchifukwa chake ndi bwino kuti onse a m'nyumba asambe m'mutu ndi shampu yomweyo kawiri pa sabata kwa masabata awiri mpaka anayi. Yang'ananinso pankhope, pakhosi ndi pamikono pa aliyense. Chipere cha pakhungu losamera tsitsi chichizidwe ndi mankhwala opaka ngati clotrimazole kapena terbinafine.

Timbewu timeneti timakhala ndi moyo miyezi yambiri pa zipeso, mabulashi, zipewa, mapilo ndi makina ometera. Tsiku loyamba kumwa mapiritsi likhalenso tsiku loyeretsa. Chotsani tsitsi lonse lokodwa m'zipeso, zitsukeni ndi sopo, kenako ziviikeni mphindi 10 m'madzi a bulichi, muyezo umodzi wa bulichi wa m'nyumba pa miyezo 10 ya madzi, n'kutsukuluza. Zipeso zakale zovuta kuyeretsa zitayeni. Nsalu za mapilo, zofunda, mathaulo ndi zipewa zichapidwe m'madzi otentha ofika madigiri 60, ziume bwinobwino, ndipo kusita kumawonjezera chitetezo. Bwerezani kamodzi kapena kawiri pa sabata m'mwezi woyamba. Mwana aliyense akhale ndi chipeso, thaulo ndi pilo wake.

Makina ometera ndi ofunika kuwaganizira padera. Mano ake amakanda khungu timabala tosaoneka ndi maso, ndipo amanyamula tizidutswa ta tsitsi lodwala kuchoka pamutu wina kupita pa wina. Kuwapukuta ndi bulashi kapena kuwauzira mpweya sikuchotsa fangasi. Mano ayenera kumasulidwa, kuchotsedwa tsitsi lonse, kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo, kuumitsidwa ndi kuthiridwa mafuta kuti asachite dzimbiri. Pamene mwana akuchizidwa, asamete ndi makina amene ena akugwiritsa ntchito. Kumumeta mpala ndi lezala sikofunika ndipo kumatsegula mabala. Kufupikitsa tsitsi ndi sizasi yake nkokwanira kuti shampu izifika pakhungu. Ngati pakhomo pali mphaka kapena galu, makamaka ana amphaka, aonedwe ndi dokotala wa ziweto ngakhale ubweya wawo ukuoneka bwino, chifukwa amphaka amatha kunyamula M. canis osaonetsa chizindikiro.

Pa zopaka, ndikuchondererani pa chinthu chimodzi. Musamupake mankhwala okhala ndi steroid (ochepetsa kutupa ndi kuyabwa), monga betamethasone, clobetasol kapena hydrocortisone, ngakhale atasakanizidwa ndi mankhwala a fangasi m'chubu chimodzi. Amathetsa kuyabwa ndi kufiira m'masiku awiri, koma amafooketsa chitetezo cha khungu, fangasi n'kufalikira mwakachetechete, ndipo maonekedwe a chipere amasintha mpaka dokotala kuvutika kuchizindikira. Tengani machubu onse amene mwagwiritsapo ntchito kuti dokotala awerenge zolembedwapo. Adyo, mandimu, palafini, mankhwala otsukira mano ndi zina zowotcha zimapsereza khungu la mwana osafika pa muzu wa tsitsi, ndipo chilonda chamoto chimasiya chipsera pamene tsitsi silidzameranso. Mankhwala owongolera tsitsi ndi kuluka kokoka kwambiri zidikire mpaka mutu utapola.

Dziwaninso za chotupa chotchedwa kerion. Nthawi zina thupi limalimbana ndi fangasi mwamphamvu, pamutu n'kutupa chotupa chofewa, chopweteka, chotuluka mafinya m'timabowo tambiri, tsitsi n'kumangozuka lokha, anabere n'kutupa, mwina ndi kutentha thupi. Chimafanana ndi chithupsa, koma sichiyenera kung'ambidwa ndi mpeni kapena kufinyidwa, ndipo maantibayotiki okha sachithetsa. Mankhwala ake ndi mapiritsi a fangasi omwewo, oyambidwa mwamsanga, chifukwa kuchedwa nkumene kumasiya dazi la chipsera. Nkhanambo zake zifewetseni ndi kansalu koviika m'madzi ofunda oyera n'kuzichotsa pang'onopang'ono. Dokotala angawonjezere maantibayotiki ngati mabakiteriya alowererapo. Chotupa chotere chikaoneka, musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala limene munapatsidwa.

Bwererani ku chipatala pakatha masabata anayi. Pofika pamenepo kuyabwa ndi mfundu ziyenera kukhala zitachepa kwambiri, malo ososoka asakukula, ndipo timatsitsi tofewa titayamba kuoneka. Ngati palibe kusintha, dokotala ayang'ane motsatana: kodi mapiritsi akumwedwa tsiku lililonse, muyezo ukugwirizana ndi sikelo, akumwera chakudya chamafuta, mankhwalawo ndi oyenera mtundu wa fangasi, ndipo gwero la m'nyumba latsekedwa? Zonsezi zikakhala bwino, afunsenso ngati zilidi zipere. Mfundu yamafuta ya seborrhoeic dermatitis imayabwa ndi kuyoyoka, koma siidula tsitsi. Psoriasis imapanga mamba okhuthala, otuwa, ndipo nthawi zambiri imapezekanso pa zigongono ndi mawondo. Alopecia areata imasiya malo osalala kwambiri, opanda mfundu. Tsitsi lososoka chifukwa cha kukokedwa limayambira m'mbali mwa mutu. Matenda onsewa amafuna chithandizo chosiyana ndi cha zipere. Komanso zipere zimene zakana chithandizo choyenera kawiri, kapena zimene zagwira munthu wamkulu mwamphamvu, ndi chifukwa chokwanira choyezera HIV ndi shuga, popeza munthu akatha msinkhu mafuta a khungu la m'mutu amamuteteza ndipo zipere za m'mutu sizimugwira kawirikawiri.

Ngati wamkulu m'nyumbamo angafunike mapiritsi, griseofulvin ali ndi malamulo ake. Woyembekezera asamwe, ndipo mayi asatenge pakati akumwa komanso kwa mwezi umodzi atamaliza. Amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera, choncho pafunika kuwonjezera kondomu. Bambo akulangizidwa kusapereka pakati kwa miyezi 6 atamaliza. Mowa usamwedwe. Odwala chiwindi, lupus kapena porphyria asamwe, ndipo akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, auze dokotala.

Kumapeto kwa nthawi ya mapiritsi, ngati nkotheka, ayezedwenso ku labotale. Mutu utha kuoneka wopola pamene fangasi akadalipo. Akapezeka, mankhwala amapitirira masabata ena awiri mpaka anayi.

Za kusukulu, mwana akangoyamba mapiritsi ndi shampu atha kupita, ndipo palibe chifukwa chomusungira pakhomo masabata onsewa. Mwana wa zaka 7 amamva manyazi anzake akamamuseka za mutu wake, ndiye muuzeni momveka kuti matendawa sabwera chifukwa cha uve, amagwira ana ambiri, ndipo akuchizidwa. Ngati akufuna kuvala chipewa, avale chakechake, chochapidwa pafupipafupi, osabwereketsa. Dziwitsani aphunzitsi kuti ana ena a m'kalasimo aonedwe. Muwengeni zikhadabo kuti akakanda usiku asadzitsegule mabala.

Tsitsi limabwerera mochedwa kuposa khungu. Malo ososokawo amayamba kudzaza pakati pa mwezi wachiwiri ndi wachitatu, ndipo kuti afanane ndi mutu wonse pamatenga miyezi 3 mpaka 6, mwinanso kufika chaka ngati panali kerion. Kusamera msanga kwa tsitsi sikutanthauza kuti mankhwala alephera, bola mfundu, kuyabwa ndi kuduka kwa tsitsi zatha. Malo amene akhala osalala, onyezimira, opanda timabowo ta tsitsi patatha chaka ndi chipsera, ndipo amenewo akawaone dokotala wa khungu. Popita ku chipatala sabata ino, tengani ana onse awiri, machubu ndi mabokosi a mankhwala akale, ndi kapepala kolembapo muyezo ndi masiku amene anamwa griseofulvin uja.